Ulendo wa ku Blantyre unathera pampando

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Kawale tilipo, chifuwa cha mlamu wanu chinatha.

Lachisanu ndimayenera kupita ku Blantyre kukaika pulogalamu yoyendetsera makina m'maseva atsopano a kuntchito, makompyuta aja opyapyala olowa ambiri m'bokosi limodzi. Amayi ndinali nditawalonjeza kuti nditsika pa Ntcheu kudzawaona monga ndimachitira. Koma bwana anati, "Awa sachita kupitira, yatsani muli pompano." Ndinaikadi zonse kudzera pa netiweki, osadzuka pampando.

Ntchito inayenda bwino, koma maulendo aja atha, achimwene. Amayi anali atapha kale nkhuku.

Chonde muwaimbire. Ine ndikaimba, akungofunsa kuti makinawo adzawonongeka liti.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Yamikani