Amuna Anga Akunamiza Makina a BP

Aphungu,

Amuna anga ndi dalaivala wa basi ya maulendo ataliatali, ndipo ali ndi BP. Kuchipatala chathu chaching'ono anawapatsa mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse. Kumwa amamwa, koma pokhapokha tsiku lokayezetsa likayandikira. Akabwerako, botolo limabwerera pamwamba pa kabati, kuseri kwa wailesi yakufa, mpaka mwezi wina.

Akuti mapiritsiwo amawakodzetsa. "Mayi a ana, mukufuna ndiziimitsa basi yodzaza anthu pa mtengo uliwonse? Kondakitala wayamba kale kunditchula Bambo Mpopi."

Chondiwawa ndi ichi. Poti amapita atamwa, makina amaonetsa bwino, ndiye anamwino awakonda. Pano amawaimika kutsogolo kwa mabenchi kuti alangize odwala anzawo. Ndinawamva ndi makutu angawa: "Abale, mankhwala sadumphitsa, onerani ine." Anthu m'manja phuphuphu! Mayi wina anandinong'oneza kuti ndinakwatiwa bwino. Anamwino nawo akuti poti zikuyenda chonchi, ayamba kumawaona patalipatali.

Aphungu, apongozi anga, mayi awo omwewa, anagwa ndi sitiroko. Wowatembenuza, wowasambitsa, wochapa zofunda ndinali ine, ana awo akungoimba foni kufunsa ngati adya. Msana wanga sunachire mpaka lero. Masiku ano bambowa amadzuka atagwira kunkhongo, maso ali psuu, n'kutenga makiyi kumapita. Nditanena kuti ndikawauza anamwino, anati, "Iwe, ukakandichititsa manyazi, ubwere udzalongedze."

Ndikhale chete?

E.N., kuseri kwa depoti

Mayi E.N.,

Ndiyambe ndi kuwavulira chipewa bambo. Ena tinkabera mayeso a kusukulu, koma iwo akubera mayeso a magazi awo omwe, mpaka awalemba uphunzitsi. Tsoka lake, mitsempha ya m'mutu mwawo sinakhale nawo pabenchi paja kuomba m'manja.

Mapiritsi a BP sachiza matendawo, amangowagwira mwendo tsiku lomwe amwedwa. Masiku onse amene botolo lagona kuseri kwa wailesi, magazi amakhala akumenya makoma, ndipo kumbuyo kwa mpando wa bambo kwakhala ana a eni ake amene alipira ulendo wopita kwawo, osati kumanda.

Koma dandaulo lawo si lachibwana. Alipodi mapiritsi okodzetsa, ndipo bambo wamkulu kusekedwa ndi kondakitala kumawawa. Chimene sakudziwa mphunzitsi wathuyu n'chakuti mankhwala a BP ali mitundumitundu, ndipo kuchipatala angaone ngati n'kotheka kuwasinthira. Nanga anamwino asinthe bwanji chinthu chimene mwini wake akuchiimbira nyimbo mwezi ndi mwezi?

Ndiye musakhale chete, koma musapitenso mozemba. Auzeni bambo maso ndi maso kuti mupita nawo kuchipatala, ndipo nkhaniyi ikakambidwira m'chipinda, chitseko chotseka, osati pamabenchi. Apatseni mpata ayambe okha. Mawu ake ndi ochepa: "Amandikodzetsa, ndiye ndimadumphitsa." Anamwino sadzakomoka, anamvapo zoposa apa. Bambo akakana, itanani achimwene awo, mmodzi wa oimba foni aja, abwere ndi miyendo ulendo uno.

Musadikire tsiku lawo la mwezi. Mutu wa kunkhongowo ukufunika kuyezedwa sabata ino, tsiku wamba, wophunzira asanakonzekere mayeso. Ndipo mukadzaona pakamwa papotoka, dzanja lalefuka kapena lilime likulemera, makiyi alandeni, thamangirani ndi bambowo kuchipatala nthawi yomweyo.

Chenjezo langa: musayerekeze kuwasinjira mapiritsi mu tiyi. Akadzazindikira adzasiya tiyi ndi mapiritsi omwe, ndipo mfiti mudzakhala inu.

Za kulongedza zisakuopseni kwambiri. Manyazi a m'chipinda cha anamwino amatha munthu akamatuluka pakhomo. Koma alipo manyazi ena, a bambo wamkulu akunyamulidwa kupita kubafa ndi mkazi yemwe ankamuthamangitsa. Kulemera kwake inu mukukudziwa. Afunseni bambo asankhe ati, pakamwa pakadali powongoka.

Aphungu