Diso la Amalume

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Mayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi achemwali ndi ana onse kumeneko. Ine ndilipo, kungoti ndikulemba ndi dzanja lotupa, ndiye mukaona zilembo zikupendama musadabwe. Foni yanu ndakhala ndikuiona ikulira kuyambira Loweruka. Sikuti ndakunyozani, koma zimene ndikufuna kukuuzani sizikanatuluka pakamwa panga inu mukundimva.

Zimene munamva pa wailesi n'zoona. Alongo anu ali m'chipatala, ndipo diso lawo lakumanzere madokotala alichotsa Lolemba. N'zoonanso kuti anawachotsa ukochi wa timu yathu ya basiketibolo, ndipo amene anaikidwa m'malo mwawo ndine, mwana wanu. Wailesi inanenanso kuti amene anawavulaza ndi kaputeni wathu, mnyamata wamtali uja timamutcha Mlongoti. Pamenepo ndi pamene ndikufuna tikambirane.

Chiyambire chaka chino ku ofesi ya timu kwakhala nkhondo. A Manijala ankafuna kupereka Mlongoti ku timu ina kuti atipatse anyamata awiri ongoyamba kumene. A Wapampando ankavomera m'mawa, madzulo n'kukana, malinga ndi amene wawalankhula komaliza. Nyuzipepala zinkalemba tsiku ndi tsiku kuti Mlongoti akupita, Mlongoti sakupita, mpaka mnyamatayo anayamba kuphonya ngakhale mipira yomwe amagoletsa atatsinzina. Amalume okha ndi amene anaima nji. Anamenya tebulo pamsonkhano wa komiti, makapu n'kugwa, amvekere: "Wezulo akadali m'khosi mwangamu, mwana ameneyu sachoka. Ndinamutola ine alibe ndi nsapato zomwe."

Mwezi watha a Manijala anandiitanira ku ofesi yawo yam'mwamba, ija ili ndi zenera lalikulu loyang'ana pabwalo. Anandilozera amalume pansi, akuthamangitsa osewera.

"Zaka zisanu ndi zitatu uli wachiwiri wawo," anatero. "Iwo akuwomberedwa m'manja, iwe ukutolera mipira m'thumba. Ufuna imvi zikupeze uli ndi thumbalo?"

Anandikankhira pepala. Linanena kuti amalume akalamba, njira zawo n'zachikale, osewera sakuwamveranso. Linkangofunika dzina la munthu amene amakhala nawo pabenchi. Sanandiopseze, Mayi, sanandigwire dzanja. Ndinasaina ndekha, ndi cholembera changa. Nditafika kunyumba n'kumuuza mpongozi wanu, anangoika mbale pansi n'kuti, "Munthu amene anakulipirirani sukulu uja?" Masiku atatu sanandiyankhule.

Mphekesera yoti amalume akuchotsedwa ukochi inatuluka Lachinayi lapitali. Masapota anadzaza pageti ndi miyala. Anaphwanya magalasi onse a galimoto ya a Manijala, mlonda wathu wachikulire anayesa kuwaletsa, anamugwetsa n'kumuponda mpaka nthiti ziwiri kuthyoka. Ndinauza a Wapampando kuti tidikire kaye mitima izizire. Iwo anati chitsulo amasula chikadali chamoto, alengeza Loweruka masana.

Tsikulo anaika tebulo pakati penipeni pa bwalo, atolankhani atakhala pa mipando yachitsulo yopinda ija. Osewera anaima kumbuyo. Amalume palibe anawauza za msonkhanowo. Analowa ndi wezulo wawo m'khosi poganiza kuti ndi nthawi yokonzekera masewera, ndipo anamva dzina langa likutchulidwa ali pakhomo. Anangondiyang'ana, n'kuyamba kuvula wezuloyo pang'onopang'ono.

Mlongoti ndiye anafunsa, mawu ali pansi: "Nanga ine, bwana?"

A Manijala anaseka. "Iwe longedza nsapato zako. Kumene ukupita akukuyembekeza Lachiwiri."

Sindinaonepo munthu wamkulu thupi chonchija akulumpha tebulo ngati mphaka. Chibakera choyamba chinawapeza pachibwano, ndinamva kuti gwa! ngati nkhuni youma. A Manijala anagwa chagada, mano awiri anagubuduzika pathabwa. Mlongoti anawakhalira pachifuwa n'kumangowasinja. A Wapampando analowa pansi pa tebulo, jekete lawo likuonekera kunja. Nthawi yomweyo chitseko chachikulu chinathyoka, masapota n'kukhamukira mkati. Alonda anayamba kumenya ndi zibonga aliyense amene ali pafupi, ndi atolankhani omwe. Makamera anapondedwa. Wina anaponya njerwa pa galasi la pagoli, linasweka n'kutikhuthukira pamutu ngati matalala. Pansi ponse panali magazi ndi magalasi, anthu akuterereka, akugwerana.

Kenako wina anakuwa: "Wogulitsa amalume ake ndi uyo!"

Mlongoti anadzuka n'kutembenukira kwa ine. Ndinayesa kuthawira kuchipinda chosinthira zovala, koma anandigwira kolala n'kundimenyetsa kukhoma. Anandimenya m'mimba mpaka mpweya kutha. Nditagwa anandiponda dzanja, lomwe ndikulemberali, akulira misozi ngati mwana: "Anakulera! Anakulera, galu iwe!" Anzake awiri anamukoka. Ine ndinadzuka m'kamwa muli magazi okhaokha, mutu utazungulira, ndipo dzanja langa linagwira mpando wachitsulo.

Mayi, khalani pansi ngati mwaimirira.

Ndinaunyamula ndi manja awiri n'kuuzunguza ndi mphamvu zanga zonse, kulunjika mutu wa Mlongoti. Amalume analowa pakati pathu manja ali m'mwamba, akuti, "Ana anga, siyani!" Mwendo wa mpando unawalowa m'diso. Sanakuwe. Anangogwada, n'kuika manja kumaso, magazi akutuluka pakati pa zala n'kuyenderera m'mikono.

Masiku onsewa ndakhala ndikudziuza kuti sindinawaone. Koma kwa inu sindinama. Ndinawaona. Mpando unali utanyamuka kale, inde, koma sindikudziwa ngati ndinayesa kuuletsa. Ndafufuza mumtima mwanga usiku wonse wa dzulo, yankho sindinalipeze.

Ndinauponya pansi mpandowo n'kubwerera m'mbuyo. Amene anathamangira amalume ndi Mlongoti. Anavula jezi yake, anawakulunga kumutu, n'kuwanyamula ngati khanda. Apolisi atalowa anapeza iyeyo ali magazi thupi lonse, a Manijala ali gone uko. Sanafunse zambiri. Anamulanda amalume, anamugwetsa chafufumimba, anamumenya ndi zidendene za mfuti kumsana ndi m'miyendo, miyendo imene imamudyetsa. Ine ndinaima pomwepo, kukamwa kuli gwa. M'chipwirikiti chija aliyense ankateteza mutu wake, palibe anaona bwino. Mlongoti anakuwa kuti si iyeyo, koma ndani angamvere munthu amene wangothyola bwana wake chibwano?

Lolemba ndinakaona a Manijala. Chibwano anachimanga ndi mawaya, sakuyankhula. Nditayamba kufotokoza anandigwira mkono, natenga pepala n'kulemba kuti: "Mlongoti si wathunso. Mlandu umodzi kapena iwiri kwa iye n'chimodzimodzi. Iwe ndiwe kochi. Tseka pakamwa." Ndiye kuti iwo anaona, ali chigonere pansi paja.

Dzulo ndinalimba mtima kulowa m'chipinda cha amalume. Azakhali, akazi awo, atandiona anatuluka osandipatsa moni. Amalume anali chogona, theka la nkhope lili m'mabandeji.

"Wabwera, kochi?" anatero.

Ndinagwada pambali pa bedi.

"Lamlungu muli ndi masewera. Wamfupi uja usamuseweretse nthawi yaitali, bondo lake silinapole. Akakuuza kuti ali bwino akunama."

"Amalume..."

"Apolisi anabwera m'mawa. Ndawauza kuti sindinaone amene anandimenya. Munthu wa diso limodzi akati sanaone, amamukhulupirira." Anayesa kuseka koma ululu unawagwira. Atapuma anati, "Mwana wa mlongo wanga sindingamupereke ndi pakamwa panga. Koma uja ali m'chitolokosi nayenso ali ndi mayi ake. Za pepala lija ndinazidziwa tsiku lomwe unasaina, mlembi wa mu ofesi anandiuza. Ndinkadikira kuti ubwere undiuze wekha, ndikanakupatsa wezuloyo ndi manja awiri. Ndinatopa kale ine. Tsopano pita, ndikufuna kugona."

Kuchoka apo ndinapita kupolisi, ndikunena kuti ndikaone wosewera wanga. Anamutulutsa akukoka mwendo, nkhope itatupa moti maso sankaoneka. Ndinkayembekeza kuti anditukwana. Anangogwira zitsulo n'kufunsa, "Akochi ali bwanji? Diso lapulumuka?" Nditapukusa mutu anakhala pansi pa simenti n'kuyamba kulira. Sanatchule n'komwe za mpando. Ndinatuluka ndikuthamanga, ndinakasanza kuseri kwa mpanda.

Za a Manijala Mlongoti adzayankha yekha, anawamenyadi. Koma diso la amalume ndi mlandu wanga. Mawa m'mawa ndikaponya kalatayi, ndipitirira kupolisi kukanena zonse, ndi kapepala ka a Manijala ndinakasunga. Mpongozi wanu wandikonzera kale kachikwama, waikamo bulangete ndi sopo. Dzulo ndi tsiku loyamba kundigwira dzanja chichitikireni zonsezi. Sindikudziwa ngati adzanditsekera kapena kundilola kudikira mlandu ndili kunyumba. Ukochi ndiye watha usanayambe, sindinaimbe wezulo ngakhale kamodzi.

Ndili ndi zopempha, ngati ndikadali ndi malo opemphera. Bwerani, Mayi. Azakhali atopa, sakudya, ndipo amalume akufunika munthu wowakakamiza kumwa mankhwala. Inu nokha ndi amene amakuopani. Musadzere kwa ine poyamba, yambani mwaona iwo. Ndipo mukamva anthu m'basi akutukwana Mlongoti, musawathandize.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu. Muwauze nokha nkhaniyi asanaimve kwina. Adzukulu anu kuno ali bwino. Wamkulu uja akufunsa chifukwa chake agogo ake aamuna sakubwera kudzamuphunzitsa kudunda mpira, ndipo ndamuuza kuti ndidzamuyankha ineyo akadzakula pang'ono. Sindikupempha kuti mundikhululukire m'kalata yoyankha ino. Mukadzafuna kundiona mudzandipeza kumene ndidzakhaleko, ndipo mukadzapanda kubwera ndidzamvetsa.

Mukakalowa m'chipinda cha alongo anu, mukakhale kudzanja lawo lamanja. Kumanzere sakuonani.

Ndine mwana wanu,

Mzime wanu