Botolo Lachitatu

Lolemba, 10 Juni 2024

Kuzizira koopsa. Zala kukanika kugwira choko.

Giredi 11B, phunziro la osimosisi. Ndinawauza monga ndimawauzira chaka chilichonse: mukaika yisiti m'madzi a shuga wambiri, shugayo amakoka madzi m'maselo ake, maselo n'kufota, n'kufa, basi. Faides Mtonga, wa benchi yakutsogolo, yemwe ndinamulembetsa kumpikisano wa sayansi, anakweza dzanja. Akuti amayi ake amaphika mabanzi otsekemera ogulitsa pamsika, ndipo mtanda wake umangokhala duu kwa maola angapo, kenaka umafufuma. "Ndiye siikufa, aticha. Imachedwa chabe."

Bwenzi atangofunsa. Koma ananena motsimikiza, ana makumi asanu ali tcheru. Ndinati, "Kuno si kumsika, mayi. Pamayeso sadzakufunsa za mabanzi." Kalasi yonse inafa nako kuseka. Inenso ndinaseka.

Lachiwiri, 11 Juni

Ayamba kumutchula kuti Mabanzi. Ndinamva ndekha pakhonde, n'kudutsa ngati sindinamve.

Lachitatu, 12 Juni

Ndimafuna kutseka nkhaniyi. Mabotolo atatu a madzi ofunda, yisiti supuni imodzi m'lililonse, baluni kukamwa kuti igwire mpweya. Loyamba shuga pang'ono, lachiwiri wapakati, lachitatu ndinathira mpaka madzi kulemera ngati uchi. Belu likulira, baluni ziwiri zinali zitaima njo, yachitatu ili lende. Ndinakweza botololo m'mwamba: "Faides, malirowa ukuwaona?" Anangolemba m'kope.

Masana, cha m'ma 15 awazi, ndinabwerera kulabu kukatsuka. Baluni yachitatu itatupa. Thovu likukwera, fungo ngati la mowa wa masese.

Ndinasuzumira pawindo kuona ngati pali munthu. Ndinakhuthulira zonse m'sinki, kutsegula mpopi, baluni kukaiponya m'chimbudzi. Ndikulemba kuti mawa ndisadzadzinamize kuti sizinachitike.

Lachinayi, 13 Juni

F. sanabwere.

Ndinatumizira uthenga Haswell, mnzanga wa kukoleji amene amagwira ntchito mulabu ku Lusaka. Ndinanama kuti ndi funso la mwana wina. Anayankha ndi mawu ojambula, mphindi zisanu ndi imodzi, akutafuna chinachake.

Akuti madzi amatulukadi, selo n'kukwinyika nthawi yomweyo. Koma pakhungu la selo pali timapuloteni tomwe timamva kuti zinthu zasintha. Timeneto timadzutsa puloteni ina, iyo n'kudzutsa inzake poimata fosifeti, inzakeyo n'kudzutsanso ina, monga uthenga wa maliro umayendera khomo ndi khomo. Zodzutsanazi ndizo makaineizi. Yomaliza, dzina lake Hog1, imalowa mpaka pakati pa selo pamene pali majini, malangizo oyendetsa selo. Selo limayamba laleka kuswana, kutseka pomwe zinthu zimatulukira, n'kuyamba kupanga giliserini m'kati mwake. Giliserini yemweyu timadzola m'miyendo mwezi uno! Akachuluka m'kati, madzi amabwerera, selo n'kuyambiranso ntchito. Shuga akapyola muyeso yisiti imalepheradi, koma wa mabanzi imapirira.

Pomaliza anati, "Mwana wafunsa izi ndi wanzelu. Musunge bwino, Sakala."

Ndamvetsera katatu. Zaka zisanu ndi zinayi ndikuphunzitsa ana kuti imafa.

Lachisanu, 14 Juni

Sanabwerenso. Mayi Irene Zimba, aphunzitsi a kalasi yawo, anandipeza ndikumwa tiyi. Akuti F. anatuma mnzake kuti dzina lake lichotsedwe pampikisano, ndipo akufuna kusiya bayoloje. "Akuti mutu wake ndi wakumsika. Mudziwapo chiyani, a Sakala?" Ndinati mwina ndi chimfine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutenga kapu yawo kutuluka.

Chimene chikundiwawa: amayi anga anagulitsa zitumbuwa pamsika wa Kapata ku Chipata zaka zonse ndili pasukulu. Yunifolomu yanga inkanunkha mafuta okazingira. Ndinkadzera njira ina kuti anzanga asandione ndikuwapatsa moni. Pano palibe amene amadziwa. Tsono Lolemba lija ndinkaseka ndani?

Loweruka, 15 Juni

Kumsika. Ndinazungulira kawiri kwa a tomato ndi kwa a salaula ogulitsa zovala zakale ndisanalimbe mtima. Mayi wina wa mtedza ndiye anandilozera kwa amayi a Faides: "A NyaGondwe a mabanzi? Paja pali uvuni wa mgolo."

"Monile, amama." Chitumbuka changa chimathera pomwepo. Anayankha m'Chinyanja, osaleka kupakula mabanzi: "Lelo mwafika kumsika, aticha."

Ndinafuna nthaka ing'ambike. F. anali kumbuyo akukanda ufa, osadzutsa mutu.

Anandipatsa mpando, banzi lotentha, ndipo nditapisa m'thumba anakana ndi dzanja. Kenaka anavundukula chitenje pabeseni la mtanda. "Uyu wa shuga amayamba wakwiya. Osamugwila, osamuonjezela yisiti. Mukamuleka amadziganizila yekha, n'kuuka. Masiku ozizila ano ndimamuika pafupi na uvuni." Zonse za Haswell zija, popanda dzina ngakhale limodzi la Chizungu.

Ndinati ndabwera kudzapepesa.

"Munamunyozela pano?"

"Ayi, m'kalasi."

"Nanga pano mwabwela kuchita chiyani?"

Anawonjezera kuti mwana wawo sanama, ndicho chokha anamuphunzitsa, zinazo anasiyira ife. Zobwera kusukulu Lolemba anati aona yekha mwini wake.

Za botolo lija sindinawauze. Ndinalephera.

Lamulungu, 16 Juni

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Ndimangoyeseza mawu a mawa. Ndikangofotokoza za Hog1 bwinobwino, palibe adzadziwe za sinki. Maganizo amenewa andibwerera kasanu.

Lolemba, 17 Juni

Anabwera. Benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko.

Ndinayamba ndi sinki, poopa kuti ndikachedwa ndidumpha. Ndinati baluni yachitatu inatupa, ndinaiona ndi maso anga, ndinataya kuti musadziwe. Faides ananena zoona, ine ndinalakwa, kenaka ndinabisa. Wina kumbuyo anati, "Aa, aticha!" Palibe anaseka. Bwenzi ataseka, zikanapepukako. Ndinatinso dzina lija la Mabanzi linachokera pakamwa panga, ndipo lithere pomwepa.

Kenaka ndinajambula pabolodi: selo lokwinyika, mivi itatu, Hog1, giliserini, madzi akubwerera. Onse ankakopera. F. manja ali m'juzi, kope lotseka. Sanandiyang'ane mpang'ono pomwe.

Kutatsala mphindi zochepa kuti belu lilire, dzanja linatuluka m'juzi.

"Nanga tikathila mchele m'malo mwa shuga, itenga maola angati kuti iuke?"

Pakamwa panga panatseguka pokha, yankho lopeka lili kale palilime.

"Sindidziwa," ndinatero.

Ndinatulutsa kiyi wa labu n'kumuika patebulo. Kalasi yonse inatembenukira kumbuyo. Anakhala kaye, mpaka ndinaganiza kuti sadzuka. Kenaka anayenda pakati pa mabenchi, anatenga kiyi, n'kundifunsa kuti sikelo timasunga kabati iti.