Ukapitawo wa Bushra

Lolemba, 8 Januwale 2024

Folomu 4 yabwera ndi matope mpaka m'mawondo. Tayamba buku lonena za thangata, koma ana angoyasamula ngati nkhaniyo inachitikira kutsidya kwa nyanja. Zandipsetsa mtima. Ndawauza kuti minda ya Azunguyo inali konkuno, ndipo olima mokakamizidwa, osalipidwa, anali makolo awo. Tichita sewero, mwina adzuka. Ndagawa mbali belu likulira: Levi ndi anzake achilomwe akhale olima, Bushra akhale kapitawo wogwira chikoti. Mtsikanayu ndiye mutu wa kalasi, mawu akenso amamveka mpaka ku ofesi.

Lachitatu, 10 Januwale

Zavuta.

Sewero lili mkati, Levi waimirira. Akuti anafunsa kwawo monga ndinawatumira, ndipo anamuuza kuti kapitawo amene anathyola mkono wa kholo lawo anali Myao, wa kumtundu wa a Sabiti ku Nchema. Kumeneko ndiye kwawo kwa Bushra. Kalasi yonse yamutembenukira. Iye wangoika chikoti chathu cha luzi patebulo, pang'onopang'ono, nkukakhala pansi.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinamusankha chifukwa cha mawu. Bodza. Pogawa paja ndinayang'ana mpango wa kumutu kwake, nkuona Myao. Manyazi andigwira.

Lachisanu, 12 Januwale

Bushra sanabwere. Wina wazokota KAPITAWO padesiki lake ndi msomali. Ndakalipa mpaka mawu kutha, wozokotayo osadziulula.

Lachiwiri, 16 Januwale

Dzulo holide ya Chilembwe, wailesi tsiku lonse kutamanda ufulu. Lero desiki lija lopanda munthu.

A hedi andiitana. "Madamu Kalinde, phunzitsani zobwera pamayeso basi. Mafupa asiyeni agone." Bambowa ngakhale denga litagwa angafunse ngati libwere pamayeso. Koma lero ndangovomera ndi mutu nkutuluka.

Loweruka, 20 Januwale

Ndakwera kabaza mpaka ku Nchema, kwina kutsika nkumakankha. Ndapeza a Sabiti, malume ake a Bushra, pakhonde akusoka pamakina. Andilandira mwaulemu wozizira. Bushra watiikira madzi, maso pansi, nkulowa m'nyumba.

Ndimayembekeza kuti akana. Ayi.

"N'zoona, aphunzitsi. Agogo athu anali kapitawo, ankamenya anthu. Mkazi wawo anali Mlomwe, wa mwa olimawo. Ndiye mwanayu mumuika mbali iti?"

A Sabiti apitiriza.

"Mbiriyo inu mumaiwerenga m'buku. Ife timakumana nayo pachitsime ndi pamaliro, ndipo tinaphunzira kuidutsa mwakachetechete. Inu mwaipatsa ana."

Akuti Bushra akapanda kubwerera kusukulu sabata ikubwerayi, Lachisanu amutumiza ku Limbe akathandize musitolo ya azakhali ake. Mayeso a Folomu 4 ndiye athera pomwepo. Ndapepesa kwa iwo, kenako ndapepesa mokweza, kuti wa kuseri kwa chitseko amve. Sanatuluke.

Pobwerera ndalira pakabaza. Wopalasayo wanamizira kuti sakumva.

Lolemba, 22 Januwale

Bushra palibe. Levi wandidikira panja, akuti, "Madamu, ine ndimangonena zimene anandiuza." Ndamuuza kuti sananame, ndipo wolakwa si iye. Kodi ndikanangophunzitsa bukulo ngati nthano? Anawa akanalemba mayeso nkuiwala, Bushra ali pamalo pake. Koma mtima ukukanabe, ndipo ukundinyansa ndi kukana kwakeko.

Lachinayi, 25 Januwale

Ndinali nditatembenukira kubolodi pamene phokoso linatha. Bushra pakhomo, nsapato m'manja, siketi yonyowa. Sanapite padesiki lake, wabwera kwa ine.

"Madamu, ukapitawo uja musapatse wina. Ndi wanga."

Ndati sewerolo ndalithetsa.

"Musathetse. Koma mawu munamulembera aja si ake. Mwamuchititsa ngati galu wolusa. Munthuyu ankabwerera kunyumba madzulo, mkazi wake nkuona magazi a abale ake pachikoti. Ankanena chiyani pamenepo? Ndilemba ndekha."

Ndamupatsa choko. Walemba mzere woyamba m'Chiyao, zilembo zikuluzikulu, ine osamva ngakhale liwu limodzi.

Kenako Levi wakweza mkono. Sanayang'ane ine.

"Bushra, akuti chiyani pamenepo?"