Siginecha Yanu, Bambo Fulgencio

Lero zakwana zaka ziwiri, Bambo Fulgencio Tzoc, chikuonereni komaliza. Munali pa njinga yanu ya olumala pakhomo pathu ku Totonicapán, mukudandaula kuti amene analemba dzina pamphumi pa basi yodutsa anapotoza chilembo. Ndinaseka, n'kuthamangira kumsika. Pobwera ndinapeza mwatisiya.

Zaka makumi atatu munkalemba mayina pa mabasi a mumzinda wa Xela popanda rula. Kenako munabayitsa katemera wa chimfine uja. Patangotha milungu iwiri miyendo inachita dzanzi, manja n'kutsatira, burashi n'kumakupulumukani. Madokotala ena anati katemerayo ndiye wawononga mitsempha, ena anati sizingadziwike. Inu simunasunge chakukhosi. Mlongo wanga Yesenia atafuna kubisa mwana wake kuti asabayidwe, munamukalipira, munati tsoka la munthu mmodzi si lamulo.

Ndinasiya koleji ya zamalamulo kuti ndizikunyamulani, inu n'kumanditcha loya wa theka. Komatu ndine ndemwe ndinakulakwirani. Fomu yopemphera chipukuta misozi cha kulumala kwanuko inkafuna siginecha. Kudinda chala munakanitsitsa, munati munthu amene analemba mabasi onse aja sangadinde ngati sadziwa A. Ndiye ndinakusainirani, ndi F wanu wa mchira wautali uja, monga munandiphunzitsira ndili wamng'ono. Munayang'anitsitsa n'kunena kuti ndayamba kukhoza. Ku ofesi anaibweza fomuyo, ati munthu wofa manja sangasaine mokongola chonchi. Simunandidzudzule. Munaseka mpaka kutsokomola, munati nawonso a ku ofesi avomereza kuti mwana wanu ali ndi dzanja. Ine sindinaseke, ndipo mpaka pano sindikuseka.

Amayi Hermelinda akuthirabe atol wotentha, chakumwa chathu cha chimanga, m'kapu yanu ija m'mawa uliwonse, n'kumwa okha akazizira. Yesenia salola munthu kukhudza zitini zanu za penti, ngakhale zinauma kalekale. Ine sindinasiye kulondola apilo ya chipukuta misozi chija, ndipo sabata yatha kwabwera kalata m'dzina lanu. A ku ofesi aja avomera tsopano. Akuti mukaonekere kwa madokotala awo, akapime manja anuwo, mukasaine iwo akuona. Ndipita ndine, Bambo, nditanyamula chithunzi chanu chili pamwambachi ndi burashi yanu, akandiuze okha poti ndisaine.

Sitidzakuiwalani.

Ine mwana wanu Wilmer, Amayi ndi Yesenia.

Madokotalawo akuitanani Lachiwiri, pa 10 Febuluwale 2026.