Akuti olemera amatsalira pansi

Aphungu,

Ndikusunga mwana wamkazi wa mchimwene wanga, yemwe akulemba mayeso omaliza a kusekondale mwezi wamawa. Ife tili ndi golosale, pomwe makolo ake ndi ovutika, choncho ndimamulera ngati wanga.

Koma posachedwa ndinamumva akung'ung'udza potsuka mbale: "Olemera amatsalira pansi, opepuka amakwera pamwamba." Kenako anati, "Olemerawo ukawatentha kwambiri amathyoka, n'kusanduka ang'onoang'ono." Olemera pakhomo pano ndani, si ife? Nditamufunsa anangoseka: "Iii azakhali, ndi kemisitile ameneyo!" Aneba anga akuti, "Mukuweta njoka inu." Machesi ndi palafini ndikukiyira kuchipinda. Ndimubweze kwawo asanatiwotche?

Mayi E.T.

Mayi,

Khazikani mtima pansi, musamupakirire katundu. Mwanayo akunena za mafuta, osati anthu. Chilankhulo chathu ndicho chakupusitsani, pakuti "olemera" ndi achuma, komanso ndi osanyamulika.

Mafuta okumbidwa pansi amatuluka akuda, osakanikirana. Kufakitale amawatenthetsa, nthunzi yake n'kulowa mu nsanja yotentha kunsi, yozizirirapo kumwamba. Opepuka, monga petulo, amakwera n'kukasandukanso amadzimadzi pamwamba. Palafini ndi dizilo amaima pakati, ndipo olemera, monga phula la pamsewu, amatsalira pansi. Poti anthu amafuna petulo wambiri, ena mwa olemerawo amawatenthanso kwambiri kuti tizigawo tawo titalititali tiduke, pakhale opepuka. Kuthyoka munamvako n'kumeneko, ndipo pamayeso amakonda kufunsa.

Ngati mukukayikabe, muyeseni. Mukhazikeni patebulo, muike palafini wanu uja apo, mumufunse kuti amatulukira pati mu nsanjamo. Wokonza chiwembu adzachita chibwibwi, koma wowerenga sadzakupatsani mpata wopuma. Mukatero muzimufunsa tsiku ndi tsiku mpaka alembe. Mukamubweza pano, mwathyola tsogolo lake, ndipo mchimwene wanu mudzamuyang'ana ndi maso ati?

Amene ndikumukayikira ine ndi neba wanuyo, wothamangira kuona njoka pamene pali mwana wakhama. Nkhani za m'nyumba mwanu musamamutapire. Ndipo machesiwo abwezeni kukhitchini lero lomwe, mwanayo asanadziwe chimene munawabisira. Akadziwa, bala limenelo silidzapola msanga.

Aphungu