Dzina la Fewster

Malton, Yorkshire,
9 Febuluwale, 1926.

Okondedwa achimwene Enoch,

Ndikhulupirira kuti chisanu cha ku Winnipeg sichinakupwetekeni. Kuno tili ndi misozi: bambo adatisiya Lachiwiri, tidawaika Lachisanu. Adapita mwamtendere, koma mtenderewo ndidawagulira ndi bodza, ndipo bodzalo ndi la inu.

Kalata yanu ya chaka chatha idafika maso awo atachita kale khungu, choncho ndidawawerengera ndine. Nditafika poti mlamu abereka mwana wamwamuna, adaomba m'manja. Poti mwasiya dzina lathu, mwasanduka a Foster chifukwa Fewster ndi dzina lachikale lovuta mabwana anu, ndidalumpha mizere itatu yonse.

"Werenga mpaka pansi, Hester, ndi dzina lomwe," adatero.

Ndidati, "Mwana wanu, Enoch Fewster." Sindidachite ngakhale chibwibwi, Mulungu andikhululukire.

Achimwene, mudayiwala msanga chotere? Abusa adatiwonetsa tonse awiri m'buku la tchalitchi: dzinali lidawoloka nyanja kuchokera ku Falansa makedzana, ndipo mwini wake anali munthu wosema mtengo wa m'kati mwa chishalo cha hatchi. Wosoka chikopa amalemba dzina lake pamwamba kuti aliyense aone. Ife timawotcha lathu kunsi kwa mtengowo ndi chitsulo chamoto, chikopa n'kuliphimba. Mtengowo ukapendama pang'ono, hatchi imatuluka zilonda pamsana. Ntchito yobisika, koma ndi imene idakulerani.

Nditawawerengera kalata ija, m'mawa mwake bambo adandiuza ndiwatsogolere ku shedi, komwe sadapondeko chiyambire magalimoto kutilanda makasitomala. Adayamba kusema kachishalo ka mdzukulu wawo mopapasa. A Dunning, osoka zikopa aja, adasuzumira pakhomo.

"Jabez, chimenecho ndi chishalo cha mphaka?"

"Choka apa, wosoka iwe! Popanda ife ukadasokera pa mphepo. Ichi ndi cha Fewster wamng'ono wa ku Canada."

Adasema milungu isanu ndi umodzi, zala zili mabala okhaokha. Tsiku lowotcha dzina adakana kuti ndiwagwire dzanja. Fungo la utsi litamveka adati, "Basi, dzina silifa tsopano." Ine ndidathawira kukhitchini kukalira, ndipo kunena zoona, ndidakukwiyirani kwambiri. Mpaka lero mkwiyowo sunathe, ngakhale ndimakukondani.

Kachishaloko ndakatumiza pa sitima, kadzafika pambuyo pa kalatayi. A Dunning adafuna kukakuta ndi chikopa mwaulere, ine ndidakana. Kabwere kosakuta, mudzaone nokha.

Sindikukulamulani, ndinu aakulu. Ndikungopempha chimodzi: mudalemba kuti mwanayo mudzamubatiza nyengo yotentha. Abusa akadzafunsa dzina, mudzakumbukire kuti kuno kwatsala ine ndekha.

Pali chinanso chimene ndidabisira bambo. A Wilfred Scaife, a ku siteshoni aja, adandifunsira, ndipo ndidavomera. Ndidachedwetsa ukwati zaka ziwiri kuti bambo asamve dzina likuchoka m'nyumba ali moyo. Tsopano tikwatitsa pa Pasaka.

Mundiperekere moni kwa mlamu. Mwanayo mumupsompsone, mumuuze kuti agogo ake adamudziwa ndi dzina lina.

Ndine mlongo wanu,

Hester Fewster,
kwa masabata asanu ndi atatu otsalawa.